Galu wa Bwana Mizere Aphunzira Ulemu

Lolemba

Bwana Mizere anyamuka mmawa pa ulendo wa ku Dwambazi kukaona minda. Abwera Lamulungu. Dzina lawo lenileni lilipo, koma kuno ku Kota Kota palibe amene amalipinda lilime, timangowatchula ndi ntchito yawo yoyeza mizere m'minda ya eni ake. Panyumba tatsala antchito awiri: ine, wosamalira maluwa ndi bwalo, ndi a Juma, khukhi, amene mwendo wawo wakana ulendo.

Asanakwere galimoto andisiyira pepala ndi mawu. Mawu ake ndi awa. Sitima ya pamadzi ikufika lero, ndipo mmenemo muli galu amene aitanitsa kuchokera kummwera. Iwo sanamuonepo, amangomudziwa pa chithunzi. Ntchito ya galuyo ndi kutseka njira imene imadutsa pabwalo la nyumba yawo kupita ku dooko. Njirayo inalipo boma lisanamange nyumbayi, koma bwana akuti atopa kumwa tiyi pakhonde akuonerera madengu a usipa. Akadzabwera n'kupeza ngakhale munthu mmodzi akudutsa, ine ndizipita kwathu.

Chimene bwana sakudziwa n'chakuti kwathu kumene akunenako ndi kwa apongozi. Ndinakwatira kwa Malenga Chanzi. Anandilola kutenga mkazi wanga Naphiri kubwera naye kuno pachitengwa chifukwa cha ntchitoyi ndi kanyumba ka kuseri. Ntchito ikatha, chitengwa chathanso. Ndiye kuti ndibwerere kuchikamwini, ndikalime mpunga wa apongozi m'matope ofika m'mawondo, ndiziseka nthabwala za alamu anga. Ndinakhalako zaka ziwiri. Sindibwererako!

Masana. Sitima yafika. Amuna anayi atsitsa bokosi akubuula. Ine ndimayembekeza galu, koma mwatuluka chinthu cha msinkhu wa thole.

Zimene ndaona:
mutu ngati mtondo
nkhope yakuda yamakwinya, ya munthu amene anamva uthenga woipa kalekale
dovu, lambiri
sakuuwa

Pepala analimasulira m'Chinyanja ndi kalaliki wa ku ofesi. Likuti mtundu wake ndi bulumasitifi, dzina lake Meja. Agalu amenewa akuti sauwa chisawawa ndipo saluma. Wakuba amamugwetsa pansi n'kumukhalira mpaka mwini nyumba abwere. Likutinso munthu amene wosamalira galu wamulandira bwino, galuyo amamutenga kuti ndi mlendo wabwino, samukhudza. Ndawerenga kawiri. Sitandade 3 yanga ya ku mishoni sinapite pachabe.

Dongosolo langa:
1. Lachiwiri, adziwe mawu anayi a papepala: siti (khala), dawuni (gona), sitei (usasunthe), holodi (gwira).
2. Lachitatu, adziwe malire a bwalo.
3. Lachinayi, kuyeserera wakuba.
4. Lachisanu, njira itsekedwe.
5. Loweruka, kupuma.

A Juma amuyang'ana ali pakhomo la khitchini. Akuti: "Mapoto anga asawayandikire. Inunso mukamugwira muzisamba kaye musanalowe muno." Naphiri naye wabwera kudzamuona. Wangofunsa ngati galuyu azidya zimene ife timadya kapena zimene timangomva fungo.

Lachiwiri

Pepala likuti nyama ya ng'ombe kawiri pa tsiku. Pamsika ng'ombe amapha Lachisanu lokha. Amene analemba pepalali sanafikepo kuno.

Ndamuphikira mpunga wosweka ndi mitu ya chambo m'chidebe cha palafini, minga ndachotsa imodziimodzi ngati ndikudyetsa khanda. Wadya. Wayang'ana chidebe. Wayang'ana ine. Ndaphikanso.

Maphunziro ayamba. "Siti" amamva, makamaka ngati anali kale ndi maganizo okhala pansi. "Dawuni" amamva kwambiri, vuto ndi kumudzutsa. "Sitei" anabadwa nayo. "Holodi" sindinayese, chifukwa pafupi panali ine ndekha.

Dzuwa la kunyanja sakugwirizana nalo. Pofika mmamawa ndithu ali wefuwefu, lilime panja. Wazungulira bwalo lonse kufuna mthunzi, ndipo wasankha pansi pa mango waukulu, pakati penipeni pa njira. Wagona mopingasa. Mtima wanga wakhala pansi. Galu wanzeru! Njira watseka ndi thupi lake, ine osatuluka thukuta.

Kenaka pafika amayi atatu ndi madengu pamutu, akupita ku dooko. Aona chimene chagona panjira. Aima. Wamkulu mwa iwo wakweza mawu: "Odi kuno!"

Ine: "Odini, amayi!"

Pakamwa payankha pokha. Sindinapatume. Ndinaleredwa ndi anthu, ndiye munthu akati odi mawu amatuluka ngati chikhosomo. Meja wandiyang'ana, wayang'ana amayiwo, wagwedeza mchira kamodzi, n'kupinda miyendo kuti adutse bwino. Adutsa akuthokoza.

Ndawerenganso pepala. Palibe pamene galu walakwa.

Odutsa lero: khumi ndi anayi. Onse anena odi. Onse ndawayankha. Ndikanatani? Munthu wamkulu akuodira, iwe n'kukhala duu ngati chitsa, mawa mbiri yafika kwanu kuti mwana uja Chizungu chamulowa m'mutu. Komabe mawa ndikonza.

Madzulo, zosamalira thupi, monga mwa pepala:
kumupukuta makwinya a kunkhope ndi kansalu konyowa (bambo anga ondibereka sindinawapukutepo kumaso)
kumupesa ndi bulashi, ndabwereka ya nsapato za bwana
kuyang'ana nkhupakupa m'makutu, ndapeza ziwiri, za kuno kwathu, zamulandira kale
madzi akumwa asamasowe, theka amamwa, theka amandithira kumapazi

A Juma akuti: "Azungu ndagwira nawo zaka makumi awiri. Galu wa mzungu ndi mzungu. Muzimuopako pang'ono."

Lachitatu

Ndadzuka kusanatenthe kuti ndimuonetse malire. Tcheni m'manja. Tayamba bwino mpaka pa thanki ya madzi, kenaka iye waona kuti malire a bwana ndi ochepa. Tafika kumsika, tazungulira kuseri kwa ofesi, tatsikira kunyanja, wanunkhiza bwato lililonse. Ine kumbuyo. Asodzi akuti galu wa bwana watenga munthu wake kukamuongola miyendo.

Tabwerera pansi pa mango. Lero ndalumbira, sindiyankha munthu. Kuti pakamwa pasandipereke ngati dzulo, ndaikamo njere ya bwemba. Ndaima pakati pa njira, tcheni kudzanja lamanja, nkhope ya msilikali.

"Odi!"

Mawu amenewo ndimawadziwa ngakhale nditafa. Apongozi aakazi! Achokera kwa Malenga Chanzi ndi dengu la mpunga, adzaona mwana wawo. Palibe amene anandiuza.

Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake panjira. Tcheni ndataya, ndalumphira kuseri kwa maluwa, ndagwada nditawafulatira, ndikuomba m'manja. "Odini, amayi, fikani!" Njere ya bwemba ndameza.

Meja waona womuphunzitsa wagwada. Nayenso wagona chafufumimba, mutu wauika pa miyendo yakutsogolo, maso pansi. Sindinamuphunzitse zimenezi. Kapena ndamuphunzitsa.

Apongozi sayankhula ndi ine mwachindunji, amauza Naphiri mokweza kuti ndimve. Akuti: "Galuyu analeredwa bwino. Kwawo n'kuti?" Kenaka amasula katsamba n'kumupatsa kondowole amene anatsala pa kamba wawo. Mzere wachisanu ndi chimodzi wa pepala ukuti galu asadye za m'manja mwa mlendo. Ndikanauza ndani? Ndili kuseri kwa maluwa, chogwada.

Kondowole wamata m'kamwa mwa Meja. Watafuna mpaka dzuwa pamutu, nkhope yake osasintha.

Masana apongozi ayala mkeka kuseri, pamalo poonekera bwino, akupeta mpunga ndi Naphiri. Ine ndikupitiriza maphunziro nditawafulatira. Siti! Dawuni! Sitei! Meja ali mtulo, akuliza mkonono umene ukugwedeza masamba. Anthu akudutsa. Sindingakhale chete apongozi akumva, ndiye ndikuyankha aliyense, ndikufunsanso za kunyumba.

Apongozi aonerera zonsezi. Kenaka afunsa Naphiri: "Akamwiniwa, khasu amakonda la mpini wautali kapena waufupi?"

Naphiri: "Wautali."

Ndamva ndi makutu angawa. Sanachedwe n'komwe kuyankha.

Odutsa: makumi awiri ndi mmodzi, kuphatikizapo apongozi kawiri. Pobwerera atsanzika Naphiri, atsanzika a Juma, atsanzika a Meja. Ine andipatsira moni kudzera kwa mwana wawo.

M'mimba mukupweteka pang'ono. Mwina ndi bwemba, mwina ndi mpini.

Lachinayi

Tsiku loyeserera wakuba. Pepala likuti munthu avale zovala zochindikala, alowe pabwalo popanda kulandiridwa, ndipo wosamalira galu anene kuti holodi.

Ofunika: wakuba mmodzi.

Ndapempha a Juma. Akuti: "Ine ndine khukhi." Ndapempha msodzi wina wamphamvu zake, amene amakoka khoka yekha mbali imodzi. Wayang'ana Meja, waseka, wanena odi, wadutsa. Ndiye wakuba ndikhala ine, ndipo holodi anena Naphiri.

Zovala zochindikala ine ndilibe. M'chipinda chosungira katundu ndapeza chijasi chakale cha bwana cha khaki, jombo zawo zakutha, ndi chisoti chawo chakale cha paulendo, cholimba chija cha ngati chigoba cha fulu. Zonse zikununkha bwana weniweni, fodya wa kaliwo ndi sopo wa Chizungu. Ndavala. Naphiri waseka mpaka wakhala pansi.

Vuto lina, sindinabepo, sindidziwa mmene wakuba amayendera. Ndayesa kunyang'ama. A Juma akuti: "Iyayi, wakuba wa masana sazemba. Ingolowani mowongoka ngati zonse ndi zanu, osalonjera munthu."

Ndapita kumsewu. Ndatembenuka. Ndalowa mowongoka, chibwano m'mwamba, osalonjera munthu.

Naphiri sanafike n'komwe pa holodi.

Ndaona thambo. Lili bwino, mitambo pang'ono chakunyanja. Ndili chagada, Meja wandikhalira pachifuwa. Pepala silinaname, saluma. Amangokuyang'ana ndi nkhope ija, dovu likudontha pakhosi pako. Kulemera kwake ndi matumba awiri a mpunga wosapuntha.

Naphiri akukuwa kuti siti. Iye wakhala kale. A Juma atulutsa mpando. Anthu akubwera, akunena odi, Naphiri akuwayankha m'malo mwanga, iwo akulumpha miyendo yanga n'kumapita ku dooko. Mayi wina wabwerera kudzafunsa ngati bamboyu adya kale.

Mpweya wayamba kuchepa. Mawu onse anayi a papepala ndayesa. Ndapemphera pang'ono. Potsiriza, posowa chonena, ndanong'ona kuti: "Odi, a Meja."

Wanyamuka pomwepo. Wagwedeza mchira. Wandinyambita kumaso ngati tinasiyana chaka chatha.

Ndakhala pansi pa mango kuganiza, chisoti chili pambali. Zimene ndapeza ndi ziwiri:
1. Galuyu amagwira ntchito! Amagwetsa munthu wolowa popanda odi.
2. M'Kota Kota monse mulibe munthu wotero.

Ndaganizira onse amene ndimawadziwa. Asodzi, amalonda, a kutchalitchi, a kumzikiti, ngakhale uja anamangidwa chaka chatha chifukwa cha mbuzi. Nayenso akuti polowa m'khola anaodira, mwachizolowezi.

Madzulo ndapeza Naphiri akupinda nsalu zake n'kumaziika m'dengu lalikulu. Akuti akungokutumula fumbi. Nthiti zikupweteka mbali zonse ziwiri.

Lachisanu

Malinga ndi dongosolo, lero njira itsekedwe.

Nyama ya ng'ombe yafika, mwendo wathunthu, monga anakonzera bwana. Ndaiphika m'chidebe. Naphiri waima pafupi nthawi yaitali, akuti akuona ngati moto uli bwino. Meja wamaliza ndisanatembenuke. Ife tadya usipa.

Nzeru yatsopano: cholakwa ndi pakamwa panga. Ndikapanda kukhalapo kuti ndiyankhe, munthu sanalandiridwe, ndiye galu amugwira. Ndabisala kuseri kwa thanki ya madzi, ndikusuzumira.

Pafika bambo wina ndi nkhafi paphewa. "Odi!" Zii. Ine ndadziluma lilime. "Odi kuno!" Meja watsegula diso limodzi, wagwedeza mchira, wapinda miyendo. Bamboyo wadutsa.

Sakundidikiranso. Ngakhale ntchito yoyankha odi yandithera.

Dzuwa litafika pamutu kwabwera gulu la azibambo opita ku mzikiti, mikanjo yoyera mbee. Iwo safuna kuti dovu la galu liwakhudze asanapemphere, ndipo ine ndikuwamvetsa, dovu limeneli ndalidziwa bwino dzulo. Anena odi ali patali, kenaka apatuka, adutsa m'mbali, mmodzi pambuyo pa mnzake, pakati pa maluwa a bwana. Pobwerera adzera momwemo.

Tsopano njira zilipo ziwiri.

Ndatuluka kuseri kwa thanki kuti ndiyankhule ngati munthu wa boma. Ndaimitsa bambo wachikulire wa ndevu zoyera. Ndawauza mwaulemu kuti bwana aletsa kudutsa pano. Akuti: "Bwana wake uti? Ameneyu ndi wachinayi m'nyumbayi. Njira ndi yomweyi." Kenaka andifunsa kuti ndine mwana wa yani. Ndatchula. Amalume anga amawadziwa, anakwera nawo bwato limodzi kupita kutsidya ali anyamata. Afunsa za amayi anga. Pomaliza ndawanyamulira mkeka wawo mpaka kumsewu.

Pobwerera ndakumana ndi a Juma akuchokera ku mzikiti, akutsimphina, m'njira yatsopanoyo. Akuti ndi yachidule.

Maluwa amene afa:
ofiira aja bwana anaitanitsa ku Zomba, mzere wonse
oyera, theka
ena amene sindidziwa dzina, bwana amawayankhula mmawa uliwonse

Odutsa: ndasiya kuwerenga pa makumi anayi.

Madzulo ndamupukuta Meja makwinya. Waika mutu wake wonse pa ntchafu zanga n'kupuma mozama. Ndinene zoona, galuyu ndamukonda. Ndinenenso zoona, ndili ndi mantha. Ndikatseka maso ndikuona matope a kwa Malenga Chanzi, ndi alamu anga atakhala pachulu akundiuza pamene ndalumpha udzu.

Loweruka

Kupuma, likutero dongosolo. Amene analemba dongosololi ndikanakonda kukumana naye.

Mbiri yafalikira. Anthu akubwera amene alibe chochita ku dooko. Akufika pa mango, akunena odi, Meja akugwedeza mchira, iwo akuomba m'manja n'kubwerera kumene achokera. Ena akubwereza. Palibenso amene akuti galu, onse akuti a Meja. Mayi wina wabwera ndi mwamuna wake atamugwira dzanja. Akuti: "Taonani, bambo, chinyama chikudziwa ulemu."

Ndadula minga, ndatchinga njira zonse ziwiri. Ndalasidwa m'manja monse. Anthu afika, anena odi, achotsa mingayo, adutsa, kenaka aibwezera bwinobwino pamalo pake. Wina waikonza kuposa mmene ndinaikira ine.

Masana kwatentha kwambiri. Kunyanja sindingapite naye kukasamba, bwana sangamve zoti galu wawo wadyedwa ndi ng'ona asanamuone. Ndamusambitsa m'beseni lochapira. Mwalowa miyendo iwiri yokha. Atatha wadzikutumula, ndipo tonse pabwalo tasamba, kuphatikizapo a Juma amene anali pakhomo la khitchini. Anena mawu a Chiswahili amene sindilemba muno.

Ndakhala pansi kuganiza. Njira sinatsekeke, zimenezo n'zoona. Koma akulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Chinthu chimodzi chikuyenda bwino, ndicho kugwetsa wakuba. Bwana akaona ndi maso awo mmene galu wawo amagwirira munthu, mwina za njira ndi za maluwa aziiwala. Ndiye tiyenera kuchinola.

Ndavalanso chijasi, jombo ndi chisoti. Tayeserera katatu.
Koyamba: ndayenda mapazi khumi.
Kachiwiri: mapazi anayi.
Kachitatu: wangoona chisoti chikutulukira pachipata, wanyamuka ngati mphepo ya mwera.

Nthawi zonse ndikati odi akundimasula. Galu ameneyu ali ndi mutu! Pepala linati agalu amtunduwu ndi ouma mutu, amafuna kubwerezabwereza. Ameneyu fungo la chijasi lokha akulimva ndili kumsewu.

A Juma aonerera zonse akukanda buledi wa mawa. Afunsa kuti: "Kodi bwana anapita atavala chisoti chanji?" Ndawauza kuti chatsopano, chofanana ndi chimenechi. Akuti: "Ehe." Apitiriza kukanda. Anthu akale ali ndi mafunso opanda mutu.

Madzulo, dzuwa lisanalowe, ndachita chimene ndinayenera kuchita Lolemba. Ndapita ku dooko, ndapita kumsika, ndafika kwa bambo a ndevu zoyera aja. Paliponse ndaodira, ndakhala pansi, ndafotokoza za chikamwini. Ndapempha kuti mawa lokha azungulire. Azibambo apukusa mitu mwachisoni, ambiri anakhalako kuchikamwini. Akuti: "Bwenzi mutanena kale, mwana wathu. Ife timayesa galuyo amuika kuti azilandira alendo."

Dengu la Naphiri ladzaza. Tsopano akukutumula fumbi la mapoto.

Lamulungu

Ndasesa bwalo kawiri. Pa njira yachiwiri ndabzala mbatata, masamba ake akuoneka ngati maluwa ukaima patali. Meja wadya, wapesedwa, makwinya ali mbee, wagona pansi pa mango.

Njira ili zii. Chiyambire mmawa sipanadutse munthu ngakhale mmodzi. Anthu asunga mawu awo, ndikuwaona patali akuzungulira ndi madengu awo padzuwa. Misozi yalengeza m'maso. Ndauza Naphiri kuti amasule dengu. Akuti adikira pang'ono.

Dzuwa lili pamutu, galimoto yaima kumsewu. Ine ndili kuseri, ndikutenga chijasi kuti ndikonzekere chionetsero.

Bwana atsika. Khaki, jombo, kaliwo pakamwa, chisoti chatsopano pamutu. Alowa pachipata mowongoka, ngati zonse ndi zawo, osalonjera munthu.

Ndathamanga. Ndachedwa ndi mapazi khumi.

Bwana aona thambo. Chisoti chagubuduka mpaka pa mbatata. Meja wawakhalira pachifuwa, wandiyang'ana ine monyadira, akudikira kuyamikiridwa.

Ndakuwa kuti siti. Wakhala kale. Ndakuwa kuti dawuni. Kumeneko ndiye kulakwa, chifukwa dawuni amamva kwambiri. Wagona thupi lonse. Bwana atsala mutu ndi jombo.

Ndagwada pafupi. Ndati: "Bwana, nenani kuti odi."

Bwana anena kuti nyumbayi ndi yawo. Anenanso mawu ambiri a Chizungu amene papepala palibe. Odi sanamutchule.

Phokoso lamveka mpaka ku dooko. Anthu aja anazungulira chifukwa cha ine abwera kudzathandiza, kudzera m'njira zonse ziwiri, mbatata zanga akuponda. Aliyense polowa akunena odi. Meja akugwedeza mchira kwa aliyense, mchirawo ukumenya bondo la bwana. Bwalo ladzaza. Chiyambire ntchito sindinaonepo anthu ochuluka chonchi panyumba pano. Palibe amene akuseka. Amayi ena akhala pansi mwaulemu ngati pamaliro.

A Juma afika akutsimphina, awerama, afotokozera bwana m'Chizungu chawo cha kukhitchini, pang'onopang'ono. Nkhope ya bwana yafiira ngati papaya lakupsa. Dovu likudontha. Tadikira. Bambo a ndevu zoyera akuti kwa mnzawo: "Walira mvula walira matope."

Potsiriza, kuchokera pansi pa galu, kamawu kakang'ono: "Odi."

Bwalo lonse pamodzi: "Odini, bwana! Fikani!"

Sitinapangane. Zimangotuluka. Meja wanyamuka, wawanyambita kumaso.

Madzulo. Bwana asamba nthawi yaitali, kenaka andiitana pakhonde. Ayankhula mwachidule. Galu ndi wabwino kwambiri, sanaonepo wogwira msanga chonchi. Anati akapeza munthu mmodzi pabwalo ndizipita, ndipo apeza mudzi wonse. Maluwa aona. Mbatata aona. Ndinyamuke mawa.

Sindinatsutse. Ndafotokozera a Juma za makwinya, za minga ya chambo, ndi za madzi akumwa. Akuti iwo ndi khukhi, koma auza amene abwere m'malo mwanga.

Dzuwa likupendeka bwana apita ku galimoto kukatenga chikwama chimene anaiwala. Pobwerera aima pachipata. Ayang'ana uku ndi uku. Avula chisoti. Atsokomola. Odi wawo ndamumva ndili kuseri, motsitsa koma momveka bwino. Meja wapinda miyendo.

Sabata imodzi ndaphunzitsa galu mmodzi ndi mzungu mmodzi. Onse atsala pa ntchito.

Ndapita kukatsanzika pansi pa mango. Waikanso mutu pa ntchafu zanga. Sindinakhalitse, mtima unayamba kuwawa.

Kunyumba ndapeza katundu yense ali womanga, Naphiri wakhala pa dengu. Pakhomo patsamira khasu. Akuti labwera ndi mayi wina wa kwa Malenga Chanzi, pa nthawi ya chipwirikiti ija. Ndaligwira, ndayesa kulima kawiri m'malere. Mpini ndi wautali, wosalala bwino, monga ndimakondera.

Akuti anausema Lachinayi.